Zala ziwiri za msoko pa msewu wa kumsika

Anthu akamandifunsa kuti bwanji ine ndimasokera pansi pa mtengo wa mango, chonsecho matelala anzanga ali pa makonde a masitolo, ndimangoti ndimakonda kamphepo. Alendo amakhulupirira. Koma inu ndinu anzanga, ndipo ambiri a inu munaimvapo kale nkhaniyi pakamwa pa Che Saidi okonza njinga, amene amaithira mchere wochuluka, choncho bola muimve kwa mwini wake.

Zinali zaka zija za chitaganya, mwana wanga woyamba Feresi atangoyamba sukulu. Ine kwathu ndi ku Phalombe, koma ndinali pa chikamwini pa kamsika kathu aka ka pakati pa Thuchila ndi Chinakanaka, ndipo ndinali pabwino, sindinama ayi. Ndinali ndi makina anga opalasa ndi miyendo, ndi chisakasa chaudzu m'mbali mwa msewu waukulu, pa malo a kuchikazi. Anthu a ku minda ya tiyi akalandira malipiro ankabwera kwa ine, chifukwa chovala chosoka ine Namakhwa sichinkathina. Amene anandiphunzitsa utelala anandiphunzitsa ndi rula pa zala: ukayeza, pamapeto pa tepi uziika zala ziwiri za msoko, pakuti mwana akukula ndipo wamkulu akunenepa. Ndinamenyedwa mpaka manja anaphunzira okha, ndipo zala zanga mukuzionazi si zazing'ono.

Pang'ono chabe kuchokera pa chisakasa changa panali mtengo wa mango wa apongozi anga, uwu takhala pansi pakewu. Mtengo umenewu si wamba. Apongozi anabwera ndi njere yake kuchokera kutsidya, kwa Apwitikizi, ali kamtsikana, ataimanga pa nsonga ya nsalu, pamene anthu a kwawo ankathawa nkhanza za kumeneko. Amayi awo anatsala komweko m'manda, nyumba inatsala, munda unatsala, chimene chinawoloka nawo ndi njere yokhayo. Pansi pake ndi pamene ankayala mphasa tsiku lililonse n'kumagulitsa nyemba zophika za kalongonda, ndipo munthu ukathyola ngakhale tsamba osapempha, unkamva mbiri ya agogo ako onse. Ine ndi iwo tinkakhala mwaulemu wa mkamwini ndi apongozi: sitinkayang'anana m'maso, ndipo mawu onse ankadzera kwa mkazi wanga Esinati, ngakhale tili pa bwalo limodzi.

Tsono chaka chimenecho kunabwera mawu ochokera ku khonsolo akuti kamsika kathu kakonzedwe kakhale ngati tauni, masitolo pa mzere, msika mkati mwa mpanda, ndi msewu watsopano wochoka pa msewu waukulu kukalowa mumsikamo. Kunabwera bwana woyeza malo, nakhoma zikhomo ziwiri zachitsulo, kujambula pepala, n'kumapita, ati adzabweranso dzinja likatha, zikhomo zotsalazo tikhome tokha eni malo potsata pepalalo. Inu mukudziwa kuti kuno ku Mulanje munthu akaona chikhomo mtima umamupweteka. Makolo athu anaonapo zikhomo, ndipo pamene panali chikhomo panadzamera tiyi.

Esinati anandipeza ndikusoka mabatani. "Abambo a Feresi, mawa kusukulu kuli msonkhano wa zikhomo zija. Amayi akuti mupite."

"Ndikanene chiyani?"

"Musakanene kanthu. Mukangomva kumene msewu ukudutsa, mudzatiuze ngati mtengo uli pabwino. Basi."

Mwaimva ntchito imene ndinapatsidwa? Kupita, kukhala pansi, kumva, kubwerera. Ntchito yoti ngakhale mbuzi ikanaitha.

Ndinavala jekete yanga yosoka ndekha, tepi ili m'khosi monga mwa masiku onse, pakuti ngakhale popita ku tchalitchi ndimachita kukumbutsidwa kuti ndiivule. M'kalasimo munadzaza, akulu akulu atadzipanikiza pa timabenchi ta ana. Wapampando anali a Nakoma, aphunzitsi opuma, munthu wofatsa wa ambulera, ndipo kalaliki wa ku khonsolo anayala pepala lija pa tebulo. Ndinadzifinya mpaka kutsogolo n'kufunsa kuti mtengo wa mango uli pati. Kalaliki anandilozera kachizungulire kakang'ono, ndi mizere iwiri ya msewu ikudutsa cha patsogolo pake, mtengo uli kunja, kampata kakuonekera bwino lomwe. Mtima unakhala pansi. Chisakasa changa papepalapo panalibe, woyeza malo uja zinthu zaudzu sanaziyese nyumba, ndipo ine sindinaganize zofunsa.

Pamenepo ndi pamene munthu wanzeru akanadzuka, kuthokoza, n'kumapita kwawo. Koma a Nakoma anati pakufunika komiti ya eni malo, ndiponso munthu wodziwa kuyeza, chifukwa bwana uja tcheni chake choyezera anapita nacho. Ine ndinamva pakamwa panga pakutseguka pokha.

"Aphunzitsi, kuyeza ndiye ntchito yanga. Ndayezapo mimba za akapitawo a ku tiyi, ndayezapo ana osakhazikika, ndayezapo amayi amene amaseka ukangowafikitsa tepi m'khwapa. Nanga nthaka, yosapuma, yosaseka, yongogona pamalo amodzi, ingandivute?"

Anthu anaseka n'kuomba m'manja, ndipo ndinalowa m'komiti pomwepo, pamodzi ndi a Nakoma, Che Saidi ndi ena awiri. Kuomba m'manja kumeneko ndiko kunandiononga. Anthu atayamba kung'ung'udza, wina za nthochi zake, wina za chimbudzi chake chatsopano, ine ndinaimanso, pakuti mtengo wa kwathu ndinali nditauona kale kuti uli pabwino, ndipo munthu ukakhala pabwino chilungamo chimakoma kuchilankhula.

"Abale anga," ndinatero, chala chili m'mwamba, "chikhomo chikakhomedwa chakhomedwa. Chikagwera pa nkhokwe, nkhokwe ichoke. Chikagwera pa khonde la mbale wako, khonde lichoke. Chitukuko sichidziwa chibale. Ndipo amene adzazule chikhomo, adzasenze dothi la msewu sabata yathunthu."

Kalaliki analemba mawu onsewo m'buku, n'kundipatsa cholembera kuti ndisaine pansi pake. Ndinasaina ndi zilembo zikuluzikulu, za mchira. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma tsiku limenelo ine miyambi ndinali nditaisiya kunyumba.

Nditafika ndinauza Esinati kuti mtengo uli pabwino, ndiponso kuti mwamuna wake tsopano ndi wa komiti. Iye anangoti, "Ndinakutumani kukamva."

"Ndamva, n'kuwonjezerapo pang'ono."

Apongozi anali kuseri kwa nkhokwe akusankha nandolo, ndipo anamva zonse. "Esinati, uwauze kuti za mtengozo zikomo. Zowonjezerazo sitinapemphe."

Lolemba tinayamba kuyeza mpanda wa msika. A Nakoma anagwira pepala ndi ambulera, Che Saidi anasenza mtolo wa zikhomo ndi hamala, ine ndinagwada pansi ndi tepi yanga ya mapazi asanu. Kuyala, kugwira pamapeto, kuyalanso, kugwira, kuyalanso, ndikukwawa ngati mwana, anthu a pamsika akunditsata pambuyo, amayi akuloza, ine mutu wonse uli pa anthu ondionererawo, manja akungodzigwirira okha ntchito imene anaizolowera. Ndinkawerenga mokweza, m'Chingerezi, kuti aliyense adziwe kuti komiti inasankha munthu wa sukulu.

Chikhomo chomaliza cha tsikulo chinagwera mkati mwa chisakasa cha Che Saidi, pa ngodya pamene ankapachika matayala. Anaima ndi hamala m'manja. "Amwene, tayezaninso."

Kodi mukuganiza kuti ndinayezanso? Ndinawagwira paphewa n'kunena mofatsa, ngati m'busa pa maliro, "Che Saidi, chikhomo chikakhomedwa chakhomedwa."

Sanakangane nane. Anakhoma chikhomocho okha, masana omwewo n'kugwetsa ngodya ya chisakasa chawo, matayala n'kuwaunjika panja. Anangonena kuti, "Chabwino amwene, Mulungu akuona." Ine ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati kapitawo.

Lachiwiri linali tsiku la msewu. Pepala linati kuchokera pa chikhomo chachitsulo cha pa sitolo ya Mmwenye tiyeze mayadi zana limodzi motsata msewu waukulu, pamenepo ndiye mbali yoyamba ya msewu watsopano, ndipo m'lifupi mwake mayadi asanu ndi limodzi. Mayadi zana ndiko kuyala tepi yanga ka makumi asanu ndi limodzi, mawondo a buluku anatha tsiku limenelo. Ndinakwawa kudutsa sitolo, kudutsa nthochi za eni ake, kudutsa chisakasa changa ndikuwerengabe, ndipo chiwerengero chinakwana nditangochipitirira pang'ono. Che Saidi anakhoma chikhomo choyamba. Tinayamba kuyeza m'lifupi, ine mutu uli pansi, kuyala, kugwira, kuyalanso, kenaka ndinangomva kuti msana wasiya kutentha. Ndinati dzuwa lalowa m'mitambo. Kuyalanso kamodzi, mutu wanga unagunda chinthu cholimba, gu! Kutukula maso, thunthu la mtengo wa mango, tepi ikadalipo yotsala.

Anzanga, ndinakhala chogwada pamenepo ngati munthu wopemphera. Pambali panga panali mphasa, pamphasapo beseni la kalongonda, kuseri kwa beseni mapazi a apongozi anga. Ndinazungulira thunthu ndi tepi, kumalizitsa mayadi aja, ndipo chikhomo chachiwiri chinagwera kuseri kwa mtengo, kutanthauza kuti mtengo wonse unali mkati mwa msewu.

"Aphunzitsi," ndinatero ndi mawu ang'ono, "mwina tiyezenso."

Che Saidi anali atalavulira kale m'manja. Sindinaonepo munthu akukhoma chikhomo mokoma ngati mmene anachikhomera tsiku limenelo, pang'onopang'ono, akupumira pakati, mpaka chinangotsala kamutu.

Kunyumba kunalibe phokoso, ndipo ndikanakonda likanakhalapo. Madzulo apongozi anakhala pakhonde pawo atandifulatira, ine pakhonde panga nditawafulatira, Esinati ali pakati ngati mtengatenga.

"Esinati, uwafunse amuna ako ngati chisakasa chawo chili bwino."

Esinati sanavutike n'kubwereza. Ine ndinati chili bwino.

"Uwauze kuti ndaona. Msewu walumpha chisakasa cha udzu wa chaka chatha, wadzagwera mtengo umene unayamba kubereka iwo asanabadwe. Tepi yawo ndi yanzeru, imadziwa mbuye wake."

Apa m'pamene ndinazindikira mmene nkhani inkaonekera kwa anthu: mkamwini walowa m'komiti, wagwira yekha tepi, wapulumutsa chake, wapereka cha apongozi. Ndinayamba kulumbira, koma iwo anapitiriza osakweza mawu.

"Uwauzenso kuti mtengo ukagwa ine sindidzalankhula kanthu. Ndinasiya amayi anga kutsidya, mtengo ndingausiyenso. Koma njira ya ku Phalombe sinamere udzu, ikadali pomwepo."

Ndinachita mantha, ndikuuzeni zoona, chifukwa mudzi umenewu ndinkaukonda, mkazi wanga ndinkamukonda, ndipo sindinkafuna kubwerera kwathu ndi makina pamutu. Koma koposa mantha ndinamva chisoni, pakuti mawu awo anagwedera potchula amayi awo, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akutero.

Lachinayi komiti inakumana, ndipo ine ndinabwera ndi nzeru zatsopano. Ndinati msewu wowongoka kwambiri suoneka bwino, ngakhale mkono wa malaya timausiyira popindikira pa chigongono, bwanji msewu wathu upinde pang'ono pofika pa mtengo, ngolo zizipumirapo pa mthunzi? Ndinajambula ndi choko pa bolodi, ndinalankhula za ubwino wa mitengo, za mvula, za ana a sukulu. Nditamaliza, Che Saidi anaima, kukonza kofiya yawo pamutu, n'kukweza chala m'mwamba ndendende ngati mmene ndinachitira ine.

"Abale anga, chikhomo chikakhomedwa chakhomedwa. Chikagwera pa nkhokwe, nkhokwe ichoke. Chikagwera pa khonde la mbale wako, khonde lichoke."

Munthu ameneyu sanapite kusukulu, koma sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe, mpaka pamene ndinatsokomola paja iwonso anatsokomola. A Nakoma anatsegula buku, kundionetsa siginecha yanga ya mchira ija, n'kunena mwachisoni kuti anthu a nkhwangwa abwera Loweruka m'mawa.

Lachisanu sindinasoke kanthu. Ndinangokhala pa makina ndikuyang'ana mtengo, ndikudzifunsa kuti pepala linanama bwanji, popeza ndinaona ndi maso anga mtengo uli kunja kwa mizere. Masana Esinati anabwera, mtsuko n'kuutula pansi.

"Abambo a Feresi, tandionetsani mmene munayezera. Yezani kuchokera pakhomo apa kukafika pa nkhokwe."

Ndinati za komiti si za amayi, koma anandiyang'ana mwa mtundu wina, ndiye ndinagwada. Kuyala, kugwira, kuyalanso, kugwira.

"Imani pomwepo. Zala ziwirizo zikutani pamenepo?"

Ndinayang'ana. Tepi inathera apa, zala zanga ziwiri zili gone pamapeto pake, ndipo dzanja linalo linali litayamba kale kuyala tepi kuchokera kuseri kwa zalazo.

"Zimenezi ndi za msoko," ndinayankha, ngati kuti wandifunsa chinthu chopusa.

"Za msoko," anatero Esinati. "Msewu umenewu mukufuna kuusoka ndi chiyani?"

Mayo ine. Ndinatenga choko n'kuwerengera pa thabwa la makina. Zala zanga ziwiri ndi mainchesi awiri. Ka makumi asanu ndi limodzi. Zinatuluka mapazi khumi. Ndinali nditaukankha msewu wa boma mapazi khumi athunthu, kuusiyira malo oti uzikulira, ngati kabudula wa mwana wa sitandade wani. Ndinadumpha ndi chimwemwe, ndinati mtengo wapulumuka, pepala silinaname, wonama ndi zala zanga, ndinatsala pang'ono kumunyamula mkazi wanga masana dzuwa likuswa mtengo.

Iye sanaseke. "Tsono msewu ukabwerera m'mbuyo mapazi khumi, ufika pati?"

Tonse awiri tinatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana chisakasa changa.

Sindikufuna kudzionetsa woyera pamaso panu. Ndinaganizapo zokhala chete, kwa nthawi yokwana kuwiritsa tiyi. Ndikaulula, chisakasa chipita, msika wonse undiseka, dothi ndisenza, ndipo za ngodya ya Che Saidi sindinkafuna n'kuziganiza komwe. Ndikapanda kuulula, mtengo ugwa, ndipo Esinati akudziwa. Iye anangosenza mtsuko wake n'kunena kuti, "Chisakasa ndi udzu, udzu umamera chaka chilichonse."

Loweruka linali tsiku la msika, ngati kuti manyazi anga anachita kuitanira anthu. Amuna atatu a nkhwangwa anali atafika, akunola. Apongozi anali atakhala pa mphasa pansi pa mtengo, atavala nsalu yawo ya ku tchalitchi, opanda beseni la kalongonda, manja ali pamiyendo, ndipo panalibe amene analimba mtima kuwauza kuti asunthe. A Nakoma ankangozungulira ndi ambulera. Ine ndinadutsa pakati pa anthu, kufika pa chikhomo chija, kuchigwira ndi manja awiri n'kukoka. Sichinatuluke. Che Saidi anali atachikhomadi ndi mtima wonse. Ndinakoka, kugwedeza, kukumba m'mbali ndi sizasi, thukuta lili kamukamu, msika wonse ukundionerera, ndipo potsiriza chinazuka mwadzidzidzi, ine n'kugwa chagada, miyendo m'mwamba, pamaso penipeni pa apongozi anga, amene anachita kutembenuza nkhope mwaulemu.

"A Namakhwa," anatero a Nakoma, "mwaiwala lamulo lanu lomwe?"

"Sindinaiwale, aphunzitsi. Dothi ndisenza. Koma taonani kaye ichi."

Ndinagwada n'kuyala tepi pamaso pa anthu onse, ndipo sindinachite kudzikakamiza, zala zinapita zokha pamalo pake. Ndinafotokoza za msoko, za mainchesi awiri, za mapazi khumi. Poyamba anthu anayamba awerengera m'mitu. Kenaka mayi wina wothyola tiyi, kasitomala wanga wakalekale, anati, "N'chifukwa chake kabudula wa sukulu amene munasokera mwana wanga akuvala ndi abambo ake." Msika unaphulika. Anthu anaseka mpaka kugwirana, a nkhwangwa anakhala pansi, a Nakoma anabisa nkhope kuseri kwa ambulera koma ambulerayo inkagwedezeka.

Anagamula kuti tiyezenso pomwepo, kuyambira pa chikhomo chachitsulo. Che Saidi ndiwo anagwira tepi yanga, a Nakoma akuwerenga, ine ndinalamulidwa kuyenda pambuyo manja ali m'matumba a jekete, ndipo ndikangotulutsa dzanja kuti ndikande mphuno, anthu ankakuwa kuti libwerere. Chikhomo choyamba chinagwera pakati penipeni pa chisakasa changa, pambali pa chopondera cha makina. Chachiwiri chinagwera mayadi awiri mtengo usanafike, monga momwe pepala linanenera kuyambira pachiyambi. Anthu a nkhwangwa anati sangabwerere osagwira ntchito, choncho tinatulutsa makina, ndipo chisakasa chimene ndinachimanga masiku anayi chinagwa ndisanamalize kupukuta thukuta.

Ndikuganiza kuti zatha, ndinamva dzanja paphewa, lofatsa, ngati la m'busa pa maliro.

"Amwene," anatero Che Saidi, "tiyeni tikayezenso kwanga."

Mukudziwa kale zimene tinapeza. Ngodya yawo sinalowepo m'msika ndi kale lomwe. Ndinaimanganso ndekha, mitengo ndi udzu zanga, iwo atakhala pa chitsa akumwa tiyi n'kumandilangiza kuti ndisaikepo zala za msoko, chifukwa njinga sizinenepa.

Dothi ndinasenza sabata yathunthu, dengu pamutu, jekete nditaipachika pa nthambi. Aliyense wodutsa anali ndi mawu ake. Wina ankafunsa ngati dengu ndaliyeza, wina ankati ndimuyezere munda wake popeza tepi yanga imakuza malo, ndipo mpaka lero msewu umenewu anthu sautchula kuti wa kumsika, amati msewu wa telala. Dzinja litatha bwana woyeza malo uja anabweradi ndi tcheni chake, anapeza zikhomo zonse zili m'malo mwake, ndipo anayamikira komiti yathu kuti ndi ya anthu osamala kwambiri. A Nakoma anangoti zikomo, osandiyang'ana.

Makina anga anali atasowa pokhala. Ndinayesa kusokera m'nyumba, koma munali mdima, ulusi sunkalowa pa singano, ndipo makasitomala ankaopa kufika pakhomo pa eni ake. Tsiku lotsatira nditamaliza dothi, ndili pakhonde ndikupaka mafuta pakhosi, ndinamva mawu kuchokera pakhonde linalo.

"Esinati, uwauze amuna ako kuti mthunzi wa mbali ya kumsewu ine sindiugwiritsa ntchito."

Ndi mmene ndinafikira pano. Iwo mbali iyo ndi kalongonda wawo, ine mbali ino ndi makina anga, thunthu lili pakati kutisungira ulemu. Ndipo Mulungu si munthu, msewu watsopano uja unayamba kundibweretsera anthu pamphuno penipeni, aliyense wolowa mumsika amayenera kudutsa pa tebulo langa, moti ndinasoka zambiri pansi pa mtengo uno kuposa m'chisakasa muja. Nyengo ya mango ndimagweredwa nawo pamutu kawiri katatu pa tsiku, ndipo mwana wa eni ake wina anakwatiwa ndi diresi la kadontho kachikasu paphewa, koma mangowo ndimatola, kupukuta, n'kukaika mbali inayo, chifukwa mango ndi a eni mtengo.

Tsiku losamutsa makinalo ndinafuna kuti tebulo likhale mowongoka ndi msewu, mwa dongosolo, monga munthu amene anakhalapo m'komiti. Ndinavula tepi m'khosi, kugwada pansi, n'kuiyala kamodzi. Kuseri kwa thunthu kunamveka kutsokomola.

"Esinati, uwauze abweze chingwe chawocho m'khosi."

Esinati anali kuchitsime, panalibe wina aliyense koma ife awiri. Ndinadzuka, kusasa mawondo, kubweza tepi m'khosi, tebulo n'kuliika mongoyerekeza ndi maso, ndipo mukaliona bwino mpaka lero ndi lopendekeka pang'ono. Pomwepo ndinalumbira, ndipo lumbirolo ndikulisungabe: misonkhano ya chitukuko ndimapita, ndimakhala kumbuyo, ndimamva, ndimabwerera. Koma kuyeza, abale anga, chinthu chopanda chiuno ine sindiyezanso.